Tsiku Limene Akazi Anga Anandisiya ku Inshulansi

Akazi anga si munthu wa mawu ambiri. Moyo wawo wonse akhala akukanda ufa ku bekale, kudzuka anthu ali m'tulo, kubwera kunyumba nsidze zili mbuu. Ana athu anakula ndi manja amenewo, ndipo chigwereni ine pansanja, manja omwewo ndiwo amanditembenuza ngati buledi woti asapserere.

Ndinali womanga nyumba. Thabwa limene kampani inatipatsa kuti tizipondapo linali lofumbwa. Linathyoka, ine n'kugwa chagada pamulu wa njerwa. Kuyambira m'chiuno kutsika, zii. Akazi anga anapempha tchuthi, chinatha, anapemphanso. Pomaliza abwana awo anati malo awasungira mpaka mwezi uthe, kupitirira apo alemba wina. Kuti abwerere kuntchito pankafunika munthu wondisamalira masana, ndipo munthu wotere sadya zikomo.

Ndiye anandikankha pachikuku mpaka ku ofesi ya inshulansi, kukamva za chipukuta misozi. Tinapeza kalaliki wa tayi yofiira, waulemu wake ndithu, ndipo ulemuwo ndi umene unkandinyansa. Anatifotokozera mmene awerengera. Ululu uli ndi mtengo wake, amaona zimene analandira ena othyoka msana ngati ine. Malipiro anga a pachaka amachulukitsa ndi zaka zimene ndikanagwirabe ntchito, n'kuchotsako poti ndalamazo ndikulandira pakamodzi. Za kuchipatala, zokhazo zokhala ndi malisiti. Kenako anadulanso gawo lina ati chifukwa sindinamange lamba wodzitetezera, pamene lambayo anali mmodzi gulu lonse.

Ine ndinali nditatopa, ndikanasaina. Akazi anga ndiwo anafunsa.

"Nanga wowasamalira?"

"Mpaka pano mwalipira ndani, mayi? Lisiti lilipo?"

"Ndimawasamalira ndine."

"Ndiye m'thumba simunatuluke kanthu. Mkazi kusamalira mwamuna wake, zimenezo n'zapabanja."

Pamzere umenewo analembapo ziro, wozungulira bwino.

Akazi anga sanatukwane. Anaimirira, anamanga mabuleki a chikuku, n'kuika chikwama patebulo la kalaliki uja: matewera, sopo, mafuta a zilonda, kansalu kopukutira.

"Poti n'zaulere, sizikuvutani, bambo. Msana ukayamba kuwatentha muwatembenuze, apo ayi zilonda zitseguka. Zinazo akuuzani okha."

Basi, awo atuluka.

Musaganize kuti tinapangana. Ndinafuna kuwaitana ngati mwana wosiyidwa pamsika. Koma nditaona kalaliki ali kukamwa yasa, cholembera chili m'malere, ndinati ayi, lero tione.

Kalaliki uja anaitana mlonda. Mlonda anati iye analembedwa za pageti. Anaitana mayi wolandira alendo, mayiyo anati nayenso msana umamuvuta. Anayesa yekha kundikweza m'khwapa, anangondisuntha pang'ono n'kuyamba wefuwefu, tayi ili paphewa. Anthu odikira pabenchi anasiya mafoni n'kumaonerera.

Kenako zinafika zinazo. Thupi ngati langa silipempha chilolezo. Fungo linadzaza ofesi, ndipo sindinama, ndinachita manyazi oti nthaka ing'ambike. Bambo wa ana akuluakulu, pamaso pa anthu. Koma manyazi anapha lambe. Ndinakweza mutu n'kunena momveka: "Achimwene, matewera ali m'chikwamamo. Madzi akhale ofunda."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Bwana wamkulu, amene amati ali kumsonkhano, anatulukira mpango uli pamphuno, n'kutuma mlonda kuti akawasake mayi aja. Sanavutike. Anawapeza atakhala pamasitepe panja, maso ali psuu. Nthawi yonseyo sanapite kulikonse.

"Lowani, mayi, tikambirane," anatero bwanayo ataima pakhomo.

"Ziro uja alipobe?"

"Tiunikanso."

"Unikani ndili pompano."

Bwanayo ndi kalaliki anawerengera ataimirira, akufunsana kuti wosamalira odwala amalandira zingati pamwezi, n'kuchulukitsa ndi zaka zimene adokotala amati ndingakhale ndi moyo. Anaika za masana okha. Usiku, ati, anthu amagona. Akazi anga anaseka kaphwete kowawa. "Za usiku mukamva kwa loya," anatero, "koma za masanazo lembani ndikuona."

Akazi anga anandisambitsa m'chimbudzi cha mabwana, sopo wawo wonunkhira tinamuthera dala. Akundipukuta anandinong'oneza kuti, "Mundikhululukire, bambo."

"Mukanalowa msanga ndikanakukwiyirani," ndinawayankha.

Mwezi usanathe tinapeza mayi wina wamasiye woti azikhala nane masana. M'mawa woyamba akazi anga anavala epuloni yawo yoyera, anamuonetsa pogwira ndi posagwira, kawiri katatu, mpaka ndinawathamangitsa kuti achedwa. Anatuluka osacheuka. Ndinamva geti likutsekeka.

Mayi uja anandilowetsa manja m'khwapa, ozizira, achilendo, n'kundikoka molakwika. Ululu unakwera mpaka m'khosi. Ndinaluma pilo, sindinakuwe, chifukwa akazi anga anali asanafike patali.