Atate Sanatsike

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 3, nthawi ya Chitaganya, Lilongwe akadali katauni kafumbi ka msika, mzikiti ndi masitolo a amwenye. Uko kuli Area 10 lero kunali tchire lokhalokha. Aphunzitsi athu, a Kamanga, anali ndi mwambo wawo: tsiku lotsegulira sukulu aliyense ankaimirira n'kulonjeza chimene adzalembe chaka chimenecho. Ena ankati nthano, ena nyimbo. Ine, pofuna kuoneka wochenjera, ndinati ndakatulo, ndisakudziwa n'komwe kuti ndakatulo amaiyambira pati.

"Ikakhala bwino udzainena pamaso pa makolo tsiku lotsekera," anatero a Kamanga.

Atate anapita kukagwira ntchito ku Halale ndili wamng'ono, ndipo uthenga wawo unali utasiya kubwera. Loweruka lililonse amayi ankavala chilundu chochapa n'kundigwira dzanja, ulendo wa kokwerera basi. Tinkaima padzuwa, m'fungo la dizilo ndi mtedza wokazinga, kuyang'ana azibambo akutsitsa mabokosi achitsulo ndi njinga zatsopano. Munthu womaliza akatsika, amayi ankangoti, "Tiye." Ndiye ndakatulo yanga inali ya zimenezo. Ndinalemba za chipewa cha bambo wina, kenaka mzere wakuti "Basi yafika, atate sanatsike." Ndinalemba za mvula, mzere uja n'kubweranso. Ndinalemba za nyengo ya mango, womwewonso. Ndinkainena mokweza potsuka mbale, amayi akumva.

A Kamanga anaiwerenga atakwinya nkhope. Anatenga pensulo yofiira n'kukhwatcha mzere uja paliponse, kusiya umodzi wokha kumapeto.

"Esinati, wanena kamodzi, tamva. Ife si agonthi. Kubwerezabwereza ndi ulesi."

Apa mutu wanga unaima. Aphunzitsi omwewa ndi amene ankatiimbitsa matebulo a masamu m'mawa uliwonse mpaka kukhosi kuuma. Kutchalitchi tinkabwereza. Anzanga achisilamu ndinkawamva madzulo pafupi ndi mzikiti akubwereza mawu amodzimodzi mpaka dzuwa kupendeka, ndipo palibe ankawanena ulesi. Nanga ulesiwo unayambira pa ine? Koma mwana sankatsutsa aphunzitsi, ndiponso ndinkafunitsitsa kuti amayi, amene sankadziwa kuwerenga, adzandimve ndikulankhula pagulu. Ndinaloweza yokonzedwayo.

Tsiku lotsekera makolo anakhala pansi pa mitengo ya bulugamu. Ndinainena bwinobwino, osaphonya liwu, ndipo inatha msanga. Anthu anaomba m'manja. A Kamanga anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Waona? Tsopano ndi ndakatulo." Ndinasangalala kwambiri, kunena zoona. Koma nditayang'ana amayi, manja awo anali pamiyendo.

Pobwerera kunyumba, titafika pamlatho, amayi anandifunsa.

"Ija unkanena potsuka mbale ili kuti?"

"Aphunzitsi anachotsa zobwereza, amayi. Akuti kamodzi n'kokwanira."

Anayenda pang'ono, maso ali kumadzi.

"Kodi kokwerera basi kuja tinangopitako kamodzi?"

Aphunzitsi anali atandiyamikira, amayi sanandikalipire, komabe ndinkafuna kulira osadziwa cholirira. Kwa masiku angapo ndinkainena ndekha kuseri kwa nyumba, yaifupi kenaka yaitali, kufuna kumva yolakwikayo, koma sindinaipeze. Loweruka lotsatira amayi anavalanso chilundu chija, tinapitanso.

Atate sanabwere. Anthu anayamba kuwatchula kuti mtchona, koma amayi anamwalira asanalitchulepo liwu limenelo.

Mwambo wa a Kamanga uja ndinautengera mpaka ukalamba uno. Chaka chikamayamba ndimakhala pakhonde kwa mwana wanga ku Area 43 n'kudzilonjeza kuti chaka chino ndilemba zatsopano, za adzukulu, za mitengo, zilizonse. Aphunzitsiwo sanalakwe kwenikweni: kubwereza kwina ndi ulesidi, ndipo ndimakukhwatcha ndekha mopanda chisoni. Koma ndikafika pakati, mzere uja umatulukira wosauitana. Ngati limenelo ndi luso kapena kusowa chonena, mpaka lero sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndikangonyamula pensulo kuti ndiuchotse, ndimamva funso la amayi pamlatho paja, ndipo ndimausiya.