Uta wanu uja, alamu

Alamu, chaka chatha muli chete, koma ine mkwiyo sunathe. Lero ndapeza uta wanu wa ku Mongolia, wotchipa uja munagulira alendo a paloji ku Kande. Munaukunga chotembenuza, nsinga n'kukukwapulani pamkono, muvi n'kukagwera m'chinangwa cha eni ake. Ndinakuuzani kuti utawo ulibe mlandu, vuto ndi mwini wake. Inu osagonja: "Mlamu, dikirani Khirisimasi, mudzandipepesa."

Khirisimasi yake iti? Ndi khalidwe lanji limeneli, kutisiya pamaliro mkangano usanathe? Tsopano mwana wanu Tiyanjane wandigwira dzanja, akuti ndimukungire monga ankachitira adadi ake. Ndiyankheni, alamu. Ndikunge molondola, kapena mwanu muja?