Kalendala ya ku Amerika Imene Apongozi Anasuta

"Mukufuna kukalipira bambo anga chifukwa cha pepala? Mudzi uno ndi wanu kodi?" Mkazi wanga anakuwa choncho ataima pakhomo, ine nditavala kale nsapato.

Pepalalo silinali pepala wamba. Mng'ono wanga amene amagwira ntchito ku Amerika ananditumizira kalendala yothothola tsamba tsiku lililonse, ndipo tsamba lililonse linkafotokoza zimene zinachitika pa tsikulo m'chigawo chimene iye amakhala: mlatho kutsegulidwa, bwanamkubwa kulumbira, tauni kupsa. M'mawa uliwonse ndinkapita nalo kutiirumu ya pa Nsaru n'kumasulirira anzanga m'Chichewa. Munthu amene ankangodziwika ndi kupsa mtima ndinasanduka "aphunzitsi", mpando wapazenera n'kukhala wanga.

Tsikulo ndinapeza masabata atatu akutsogolo atathotholedwa. Kusuzumira panja, apongozi anga aamuna ali phee pansi pa mango, akupichira chingambwe m'tsamba la mawa. Akuti pepala la azungu n'lofewa, silikanda pakhosi.

Akanakhala wina aliyense, Nsaru yense akanamva mawu anga. Koma ndine mkamwini, ndipo mkamwini sakwezera apongozi mawu pamudzi pa eni ake. Ndinavula nsapato. Mkwiyo wonse ndinakauthera pa nkhuni, mpaka mpini wa nkhwangwa unathyoka.

Vuto linatsala lomwelo: ndikapita chimanjamanja, anzanga aja andiseka mpaka fodya wa chaka chamawa, mpandonso upita.

M'mawa mwake ndinapinda tsamba lakale n'kulowa mutiirumu. Apongozi analimo, pakona, akuviika sikono. Ndinakonza kukhosi.

"Tsiku ngati lalero, m'chigawo chija, boma linagwira mkulu wina wolemekezeka chifukwa chosuta masabata atatu a kalendala."

"Anasuta masiku, eti?" anafunsa mnzanga wina, telala. "Ndiye anthu ankadziwa bwanji kuti lero n'Lachingati?"

"Sankadziwa. Ena anapita kutchalitchi Lachiwiri."

"Nanga anamutani mkuluyo?"

Apongozi sanatukule mutu. "Pitirizani, aphunzitsi," anatero. "Ine ndinamva kuti anamumasula, atapeza kuti mkamwini wake sanamugulirepo ngakhale ndudu imodzi."

Tiyi wa telala anatayika ndi kuseka. Ndinadzuka, kuwoloka msewu kupita kugolosale, n'kubwera ndi paketi yathunthu ya ndudu. Ndinaipereka ndi manja awiri, nditanjuta. Iwo anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa masamba asanu ndi anayi amene anali asanasute.