Mipando Pansi pa Masitepe

Ndimagulitsa zolembera pageti la laibulale yatsopano, ya makoma agalasi ija. Woyamba kundipatsa moni m'mawa ndi bambo ena okalamba, amene nyumbayi amaitcha botolo.

"Yakale inali ndi zenera limodzi lokha, mwanawe, koma tinkaonana bwino," amatero.

M'chipinda chowerengera salowamo. Amakhala pamasitepe ndi nyuzipepala, anthu n'kumawalambalala. Tsiku lina mlonda anawauza kuti achokepo, apo ayi asadzabwerenso.

"Zenera lija linali pompano," anayankha. "Malemu akazi anga ankakhala apa, ine apo, tonse tikunamizira kuwerenga."

Mlonda anangokanda mutu. M'mawa mwake tinapeza mipando iwiri pansi pa masitepewo.

"Winawo ngwa mayi," anatero mlondayo, "koma musasokosere, achikulire."