Mankhwala Akale, Zala Zanga Zotupa

Chizindikiro choyamba chinabwera mu Juni, kukuzizira. Ndinadzuka zala zitauma, moti ndinalephera kutsegula botolo la mafuta odzola. Pofika mu Ogasiti mfundo za zala zinali zitatupa, zikutentha, ndipo ululu unali utatsikira m'mawondo.

Ntchito yanga ndi yofufuza za mankhwala pa kompyuta, mu ofesi ina ku City Centre. Timatenga mankhwala odziwika kale, ochiza matenda ena, n'kuyerekeza kapangidwe kake ndi tinthu ta m'thupi toyambitsa kutupa, kuti tione ngati angathandizenso pamenepo. Kompyuta imangoloza oyenera kuyesedwa. Kutsimikiza kumachitika ku labotale. Kutupa ndinkakuonera pa kompyuta tsiku ndi tsiku, koma tsopano kunali m'manja mwanga, ndipo kulemba kunakanika, moti ndinayamba ndaima kupita kuntchito.

Kunyumba ku Area 47, amuna anga, bambo a Tadala, anatenga ntchito zonse zofuna zala. M'mawa ankandimanga mabatani a bulauzi. Anaphunziranso kuluka tsitsi la mwana wathu. Mizere inkakhota, koma Tadala ankapita kusukulu akunyadira kuti amuluka adadi.

Kuchipatala tinkalawirira, n'kukhala pa benchi kudikira kuitanidwa. Ananditenga magazi, anandijambula manja, kenaka n'kudikiranso zotsatira. Mayi wina wogulitsa nsalu ku Old Town, amene zala zake zinali zitapindika kale, ankandisungira malo pamzere. Mayiyu anatha zaka akumwa mankhwala opha ululu okha.

Mu Seputembala dokotala anandiuza kuti ndi nyamakazi, ya mtundu woti chitetezo cha m'thupi chimaukira mfundo za mwini wake. Anandilembera mapiritsi a mitundu iwiri.

"Awa anapangidwira malungo, awa khansa," anatero. "Musaope, mayi, khansa mulibe. Anapezeka kuti amachepetsanso kutupa. Kungoti amachedwa kugwira, ndiye mupirire."

Ubwino wachiwiri wa mankhwalawo unadziwika kalekale, kompyuta zisanalowe pa ntchitoyi. Komabe nditatuluka ndinakhala m'galimoto n'kulira, chifukwa ndinaona kumene ntchito yanga imakathera: kwa munthu wodikira pa benchi. Amuna anga anali pambali panga. Anangondigwira dzanja mosafinya.

Masabata oyamba anali a nseru ndi kufooka. Ndinkabwerera kukayezetsa magazi kuti aone chiwindi, ndipo ananditumizanso kwa dokotala wa maso. Mvula itayamba mu Disembala, kuuma kwa m'mawa kunayamba kufupika. Tsiku lina ndinasenda mbatata ndekha mpaka kumaliza.

Lero ndinabwerera kuntchito. Nyamakazi siinathe, koma inagonja. Mankhwala ndimamwa mosadumphitsa, ndipo tsiku lokaonana ndi dokotala sindiphonya. Musagule mapiritsi otere panokha, amafunika kuti muziyezedwa magazi. Koma ngati mfundo zanu zikutupa ndi kuuma m'mawa uliwonse, musati n'kuzizira chabe. Pitani kuchipatala zala zikadali zowongoka, pakuti zikapindika siziwongokanso.