Ndinazula kadimba kanga ka mankhwala kuti ndisunge banja

Inu owerenga, ine ndinataya ntchito imene Mulungu anandiikira m'manja pofuna kuziziritsa mtima wa mwamuna wansanje. Ndati ndikuuzeni kuti wina asadzapunthwe pamene ndinapunthwa ine.

Kwathu ndi ku Dedza, kumtunda kwa Linthipe. Zinachitika nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi. Pachipatala cha mishoni ya kwathu panabwera asisitere ochokera ku Filipinzi, aafupi, okonda kuseka, amene tinkawatcha a Sisitere Luzi. Mankhwala pachipatalapo ankatha kawirikawiri. A Sisiterewo anatiuza kuti kwawo amayi a m'midzi amaphunzitsidwa kuthandiza matenda aang'ono ndi zomera, aakuluwo n'kuwatumiza msanga kuchipatala. Anapempha mayi mmodzi wa m'mudzi mwathu, ndipo amayi a mumphakati anasankha ine.

Ndinaphunzira kuwiritsa masamba a gwafa otsukira zilonda, kusinja adyo wopaka pa zipere, ndi kufunditsa wachimfine bulangete pa nthunzi ya bulugamu. Koposa zonse anandiphunzitsa kuzindikira mwana amene masamba sangamuthandize, monga wolowa liwombo kapena wopuma mobanika. Wotereyo ndinkamuperekeza ndekha kuchipatala. Kuseri kwa nyumba ndinalima kadimba ka mankhwala, ndipo a Sisitere ankabwera kudzakaona.

Amuna anga, bambo a Tereza, ankacheka matabwa kuphiri la Dedza, ndipo ankakhala chikamwini kwathu. Poyamba ankanyadira. Zinasintha anthu atayamba kuodira pakhomo n'kumafunsa ine, iwo atakhala pakhonde pomwepo. Tsiku lina kubawo mnzawo anawatcha "amuna a adokotala", anthu n'kufa nazo nseko. Anabwera kunyumba nkhope ili ndwii.

Kuyambira pamenepo chilichonse chinasanduka mlandu. Ndikachedwa kumishoni, akuti ndinali ndi dokotala wamwamuna. Ndikatsuka chilonda cha bambo wina, akuti ndikusisita mwendo wa mwini. A Sisitere atandipatsa njinga yoyendera m'midzi, moto unakula.

"Kodi mwamuna pakhomo pano ndani?" anandifunsa. "Ine ndizikwera phiri wapansi, inu muzipalasa njinga ngati bwana?"

Kenako anapita kwa atcheyamani a chipani kukanena kuti ndikusonkhanitsa amayi pamodzi ndi mlendo wakunja popanda chilolezo. Inu obadwa pambuyo simungadziwe kulemera kwa mawu amenewo. Anthu ankasowa pa nkhani zochepera pamenepo. Ndinaitanidwa, ndinagwada, ndinafotokoza zonse. Atcheyamaniwo anandimvetsera, kenako analankhula chapansipansi.

"Mayi, wokunenezani mumakhala naye nyumba imodzi. Ine lero nditseka makutu. Koma akadzapita kuboma, ine kumeneko sindidzakhalako."

Ankhoswe atakhala pansi anati mkazi amasunga banja, masamba sangandifunditse. Ndinamvera. Ndinazula kadimba kaja ndi manja angawa, njinga n'kukabweza ndikuyikankha. A Sisitere anandigwira dzanja. "Amayi, nsanje sikhuta," anatero m'Chichewa chawo chopotokacho. "Mukaipatsa ichi, mawa ifuna china." Atandifunsa amene angalowe m'malo mwanga, ndinatchula mnzanga Nambewe, amene ankandinyamulira dengu tikamakathyola masamba.

Kodi mukuganiza kuti mtendere unabwera? Ayi ndithu. Bambo a Tereza anayamba kudandaula za kwaya, kenako za kumtondo, kenako za moni amene ndinapatsa munthu panjira. Sipanapite nthawi anamanga katundu wawo n'kukalowana ndi mayi wina wogulitsa tomato pa Linthipe. Sanatsanzike ngakhale ana.

Ndinathamangira kumishoni kuti mwina andilandiranso. Ndinapeza a Sisitere Luzi atabwerera kwawo, ndipo malo aja anali a Nambewe. Anamutumiza kukaphunzira, anabwerako atavala diresi la ntchito, anthu n'kuyamba kumutcha amayi a zaumoyo. Amene ankaodira pakhomo panga anayamba kudutsa, kulunjika kwa iye.

Ndisakunamizeni, Nambewe sanandilakwire chilichonse. Ndine ndinamutchula ndi pakamwa panga. Koma nsanje imene ndinkaithawa mwa mwamuna inasamukira mwa ine. Ndikamva belu la njinga yake pamsewu, ndinkalowa m'nyumba ngati ndaiwala kanthu. Anthu akamamuyamika pamaliro kapena pachitsime, ndinkanyamuka n'kuchokapo. Mpaka lero m'tchalitchi, nthawi yopatsana mtendere, ndimamupatsa nsonga za zala zokha. Ndalapapo kwa ansembe kangapo, koma nsanjeyo imaphukanso ngati kaufiti m'munda wa chimanga. Iye akandiona amandipatsa moni wochokera pansi pa mtima, ndipo moni umenewo ndi umene umandipweteka kwambiri.

Chaka chatha mdzukulu wanga anadwala chifuwa. Tereza, mwana wobereka ndekha, anamubereka kumsana n'kundidutsa ndili pakhonde, ulendo wa kwa Nambewe. Anabwerako ndi kamtolo ka masamba, n'kukhala pafupi nane.

"Amayi, tamverani mmene a Nambewe anenera kaphikidwe kake, kuti ine ndikachoka musalakwitse."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati akulangiza mwana. Ine ndinangoti, "Ndamva mwanangu," n'kukasonkha moto.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, luso limene mwapatsidwa lothandizira anthu musalizule chifukwa wina likumuwawa m'maso. Munthu wansanje simungamuchiritse podzichepetsa inu. Itanani akuluakulu, lankhulani poyera, koma ntchitoyo gwiritsitsani. Ndipo abambo, mkazi wanu akamatchuka ndi zabwino, dzina limene likukwera ndi la pakhomo panu. Ine ndinasiya zonse kuti ndisunge munthu mmodzi, ndipo lero ndilibe mwamuna, ndilibe ntchito, ndatsala ndi nthenda yake yokha.