Kagalu kochokera ku Joni

Mwana wanga wamkazi anamwalira ku Joni m'nyengo yotentha, mango asanapse. Ndinapita pa basi kukatenga thupi lake, ndipo pobwerera ndinakwera ndege. Ndinali ndisanaikwerepo chibadwire, ndipo sindifunanso kuikwera.

Anali atakhala kumeneko zaka zambiri. Poyamba ankagwira ntchito m'nyumba za anthu, kenaka m'sitolo ya zovala. Mayi ake ankalankhula naye pa foni kawirikawiri. Ine ayi. Foni ikalira, ndinkatenga khasu n'kutsikira kudimba. Chifukwa chake tikuchidziwa ine ndi Mulungu, ndipo sichilowa m'nkhani ino.

M'chipinda chimene ankachita lendi ndinapezamo bedi, mapoto, Baibulo ndi galu. Nditangomuona ndinayesa chidole. Kanali kanthu kokwana m'manja awiri, makutu aakulu ngati a mleme, miyendo ngati mitengo ya machesi, ndipo kankanjenjemera ngakhale kunja kunkatentha. Amene ankakasamala masiku amenewo anali mayi wina wa kwathu konkuno ku Zomba, wa ku Chinamwali, mnzake wa malemu wa kuntchito.

"Bambo," anatero mayiyo, "mwana wanu ali m'chipatala ankabwereza mawu amodzi. Ankati galu wanga apite kwa bambo anga."

"Mukutanthauza kwa mayi ake."

"Ayi. Ankati kwa bambo."

Ndinakhala pansi pomwepo. Pa zaka zonsezo mwana wanga anali asananditumizirepo ngakhale moni, ndipo inenso ndinali ndisanamutumizirepo. Chinthu chokha chimene anandisiyira ndi pakamwa pake chinali kunjenjemera pakona ya bedi, chikundiyang'ana ngati ndabwera kudzachimenya.

Anzake a kuntchito ndi amene anathamanga ndi zonse za ulendo, za thupi ndi za galu yemwe. Anapita nako kwa dokotala wa ziweto, anagula kakhola kapulasitiki kokhala ndi chitseko chawaya. Tsiku lonyamuka mayi uja anandipatsa paketi ya chakudya chake.

"Aka si ngati agalu akwathu, bambo. Kamimba kake n'kochepa ngati chala. Mukangotsika ndege mukakapatse madzi ndi chakudya pang'ono. Ndipo musakakaike potentha, chonde."

Ndinavomera ndi mutu. Koma mumtima ndinati, mwana uyu akundiphunzitsa za agalu ine? Ndaweta agalu moyo wanga wonse. Ndili mnyamata ndinkasaka nawo m'phiri la Zomba tsiku lathunthu osawapatsa kanthu. Galu amagona ndi njala, m'mawa n'kudzuka akuuwa. Paketi ija ndinaikankhira pansi penipeni pa chikwama chachikulu, pansi pa zovala za malemu.

Pa bwalo la ndege anandilanda kakhola kaja n'kulowa nako kuseri. Ndinafunsa kumene akupita nako. Mayi uja anandiuza kuti kunsi kwa ndege kuli chipinda cha katundu, ndipo bokosi la mwana wanga lili komweko. Ndiye kuti onse awiri anayenda pansi pa mapazi anga, wina wakufa, wina wamoyo, ine nditamangidwa lamba pampando pamwamba pawo.

Ndege itangonyamuka, pansi panamveka kugunda kwamphamvu. Pambuyo pake ndinadzamva kuti amakhala matayala akupindika, koma tsiku limenelo ndinaganiza kuti bokosi lagwera kakhola. Ndinavula nsapato n'kuponda pansi ndi masokosi okha, kuti mwina ndimve kanthu kakuyenda. Bambo amene anakhala pambali panga anasendeza maondo ake. Ndinkafuna kufunsa ngati kunsiko kuli mpweya, ngati kukuzizira, ngati alipo munthu wosuzumirako. Koma ine ndinaphunzira kuwerenga imvi zitayamba kale, ku sukulu ya kwacha ya ku tchalitchi, ndipo Chingerezi changa chimathera pa moni. Mtsikana wogawa chakudya atafika ndinaloza pansi n'kunena kuti, "Galu." Anamwetulira n'kundipatsa kapu ya madzi. Chakudya ndinachibweza osachikhudza.

Ku Chileka kakhola kanatuluka, ndipo kagalu kanali moyo. Kanali katadzinyowetsa, kakuuwa ndi mawu aang'ono osasa. Mtima unakhala pansi, ndipo apa m'pamene ndinayenera kukumbukira madzi ndi paketi ija. Sindinakumbukire. Bokosi linachedwa kutuluka, ndipo maso anga onse anali pachitseko chimene linayenera kutulukira. Dzuwa linali litaswa mtengo.

Amene anabwera kudzatichingamira anali mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga. Kwathu kuno ana ndi a kuchikazi. Maliro a mwana amayendetsa ndi malume ake, bambo amangouzidwa pokhala. Anabwera ndi galimoto ziwiri: minibasi yochotsa mipando yoti inyamule bokosi ndi amayi a mvano, ndi galimoto yaing'ono ya hayala imene iye anakwera. Zonse zinali ndi masamba aawisi omangidwa kutsogolo.

"Alamu, chimenecho n'chiyani?"

"Galu."

"Tinakutumani kukatenga maliro, inu mwabwerako ndi mbewa ya m'khola?"

"Ndi wa malemu. Anandisiyira."

"Galu sakwera pamodzi ndi maliro. Mukufuna Zomba yense atiseke? Musiyeni pompano, alonda amuweta."

Ndinati sindimusiya. Amayi a mvano anali atayamba kale kuyimba, ndipo sinali nthawi yokangana. Malo anga anali pambali pa bokosi, mu minibasi. Mlamu wanga anakwera iyeyo pamalo panga, n'kundilozera galimoto yaing'ono ndi chibwano. Chikwama chachikulu chija anachikweza mu minibasi.

Woyendetsa galimoto yaing'ono anali bambo wachinyamata wachiyao, wa kapu yoyera kumutu, munthu waulemu. Anandipepesa za maliro ndi manja awiri. Koma ataona kakhola anabwerera m'mbuyo.

"Adala, mundikhululukire, galu m'kati muno ayi. Ndine Msilamu. Kakanyambita mpando ndiye kuti ndikatsuka galimoto yonse, ndipo mawa ndinyamula a shehe."

"Ndikayika pamiyendo panga."

"Ngakhale pamenepo. Kubuti kuli malo ambiri."

Ndinavomera msanga. Sindinaone cholakwa. Agalu athu amathamanga pambuyo pa njinga kuchokera ku Sadzi mpaka kumsika, ndipo kwa ine galu wokwera kubuti anali atalemekezedwa kale mopitirira. Ndinaika kakhola pambali pa tayala lapadera n'kutseka ndi dzanja langa.

Tinayenda pang'onopang'ono pambuyo pa minibasi, monga amayendera maliro. Kumbuyo kunkamveka kukanda ndi kulira. Dalaivala anaseka pang'ono, nati, "Kali ndi mkwiyo kanthu kanu." Titadutsa Mapanga kulira kunachepa. Pa Njuli kunangotsala kukanda kwa apo ndi apo. Titafika pa Namadzi kunali zii. Thukuta linali kutsika m'khosi mwanga ngakhale mawindo anali otsegula, ndipo m'pamene mawu a mayi uja anandibwerera onse, limodzi ndi nkhope yake ponena kuti chonde.

"Imani," ndinatero.

"Kagona, adala."

"Imani."

"Tikaima, maliro atisiya. Alamu anu anati tikalowe pamodzi. Pamudzi anthu akudikira."

"Mwana wanga, ndagwira mwendo wanu. Imani."

Anaima cha ku Thondwe, pamene amayi amagulitsa tomato ndi mizimbe m'mbali mwa msewu. Minibasi inapitirira mpaka inakhota osaonekanso. Nditatsegula buti, mpweya unandimenya kumaso ngati wa mu uvuni ya njerwa. Kagalu kanali katagona chammbali, lilime panja, maso otseguka pang'ono koma osaona. Nditakanyamula, mutu unangolendewera. Kanali kopepuka ngati kansanza.

Ndinafuna chakudya chake, n'kukumbukira kuti chapita ndi minibasi. Ndinafuna kukaitana, koma dzina lake lachizungu linali lisanakhale palilime langa. Ndinati, "Iwe! Iwe!" Kenaka ndinangozindikira kuti ndikufuula dzina la mwana wanga, pamsewu, pakati pa anthu, nditagwada m'fumbi. Dzina limenelo ndinali ndisanalitchule mokweza kwa zaka zambiri.

Dalaivala anaima patali, manja kumbuyo. Kenaka anathamangira m'galimoto n'kubwerako ndi botolo la madzi limene amasungira kusamba asanaswali.

"Thirani inuyo, adala. Ine sindingakagwire, koma thirani onsewa."

Ndinathira pamimba, pamutu, m'timapazi. Sikanasunthe. Nthiti zokha ndi zimene zinkakwera ndi kutsika mofulumira kwambiri, ndipo nthawi zina zinkaima mpaka ineyo kusiya kupuma.

Mayi wina wogulitsa mizimbe anabwera akuthamanga, mpeni uli m'manja. "Agogo, mwanayo watani?" Ataona kuti ndi galu anaseka mokweza n'kuitana anzake. "Tabwerani mudzaone! Agogo akulira khoswe!" Koma atayang'ana masamba amene anali pagalimoto, n'kuyang'ananso nkhope yanga, kuseka kunamuthera.

"Kadya liti?"

"Sindikudziwa. Dzulo, ku Joni."

"Ku Joni! Inu agogo inu." Anasenda mzimbe, naupondereza ndi chigwiriro cha mpeni pamwala. "Bweretsani chala. Mwana akalefuka timamupatsa zotsekemera, kaya galu n'chimodzimodzi, sindikudziwa."

Anafinyira madzi a mzimbe pachala changa, ine n'kupaka m'kamwa mwa kagalu. Nkhama zake zinali zotumbuluka. Ndinapaka, ndinapakanso. Palibe chimene chinasintha. Ndinapemphera pemphero lochititsa manyazi kwa munthu wamkulu ngati ine. Ndinati, Ambuye, ngati pakufunika wina woti afe lero pamsewu uno, ine ndilipo, ndakalamba kale.

Foni ya dalaivala inalira. Anali mlamu wanga, ndipo mawu ake ankamveka ngakhale kwa amayi a tomato.

"Muli kuti? Ife tayandikira Sadzi! Bokosi lilowa bwanji m'nyumba bambo wake palibe?"

"Tili pa Thondwe, bwana. Kagalu kadwala."

"Auzeni akataye kutchire! Mwana wawo ndi uti, wa m'bokosi kapena wa miyendo inayiyo?"

Onse anandiyang'ana. Ndinadziwa kuti mlamu wanga akunena zoona. Ndinadziwanso kuti ndikakabwezera kubuti, ndikatsitsa mtembo wachiwiri. Ndinavula jekete n'kukakulunga.

"Pitani," ndinamuuza dalaivala. "Mukawauze kuti ndikubwera wapansi."

"Wapansi mpaka ku Sadzi? Dzuwa limeneli? Mukafika ataika kale."

"Pitani."

Sanapite. Anazungulira galimoto yake, akulankhula yekha m'Chiyao. Anapempha thumba lopanda kanthu kwa amayi aja, naliyala pampando wakutsogolo, napempha lina naliyala pansi.

"Kwerani. Kakhale m'jekete momwemo. Kasakhudze kanthu, adala, ndapota nanu."

Mayi wa mizimbe anandiponyera chidutswa chosenda kale kudzera pawindo. Ndinkachitafuna ndi mano anga otsalawa, n'kumatenga madzi ake ndi chala kupaka m'kamwa mwa kagalu. Dalaivala anathamangitsa galimoto, mphepo ikulowa mbali zonse. Phiri la Zomba linayamba kukula kutsogolo kwathu, ndipo ine sindinkafuna kuliona, chifukwa ndinkadziwa zimene zikundidikira kunsi kwake. Tili pafupi kukhotera kwathu, ndinamva kanthu kokakala pachala changa. Linali lilime. Linanyambita kamodzi, n'kusiya. Patapita kanthawi linanyambitanso.

"Kanyambita," ndinatero.

"Chala chanu, eti? Osati mpando?"

"Chala."

"Alihamudulilahi," anatero, osachotsa maso pamsewu.

Tinafika mochedwa. Minibasi inali itaima yopanda kanthu, ndipo kulira kwa amayi kunkachokera m'nyumba. Pakati pa mawu onsewo ndinazindikira a mkazi wanga. Mwana wanga anali atalowa m'nyumba ya bambo ake patatha zaka zonse zija, atanyamulidwa ndi anthu ena, ine kulibe.

Mlamu wanga anandipeza pampanda. "Anthu anadikira mpaka anatopa," anatero. Anayang'ana jekete. "Kafa?"

"Ayi."

"Musalowe nako m'nyumba ya siwa."

Panalibe womusiyira. Agalu a m'mudzi anali atayamba kale kununkhiza miyendo yanga, ndipo mmodzi akanakathyola ndi kuluma kumodzi. Choncho sindinalowe. Ndinakakhala pa benchi pakati pa amuna, jekete ili pachifuwa. Atabweretsa tiyi ndinaviika chala m'kapu n'kuchilowetsa m'jekete. Amene ndinayandikana nawo anasendera kumapeto kwa benchi. Kagalu kanamwa, kenaka kanatulutsa mutu n'kuyang'ana anthu onsewo.

Mpaka lero ku Sadzi amanena kuti ndine bambo amene anachedwa pamaliro a mwana wake chifukwa cha galu. Ena amanena ndikumva, pa chigayo kapena potuluka m'tchalitchi. Sindiwayankha, chifukwa si bodza. Mkazi wanga anakhala nthawi yaitali osandilankhula koposa kundiuza kuti chakudya chapsa.

Kagalu kaja kakalamba tsopano. Nyengo yozizira, chifunga chikatsika m'phiri, kamagona tulo tatitali kwambiri, ndipo nthiti zake sizioneka bwino ngati zikuyenda. Ndimakagwedeza. Kamadzuka ndi mkwiyo, kundiluma chala ndi timano take, n'kugonanso. Pakapita kanthawi ndimakagwedezanso.